NJINGA ZA DZIMBIRI ZA KU AMERICA

Abale athu amene muli pa nchito kutali ndi kwanu, ulemu wa njinga muudziwa inu nomwe. Kale munthu akabwera ku Halale kapena ku Joni ndi Raleigh yonyezimira, mudzi wonse unali kumcingamira. Tsono lero tifuna kukuuzani za anthu ena a ku America amene akonda njinga yakale ndi yadzimbiri, naimanga okha ndi manja ao. Dzina lace aicha rat rod.

Dzinali linayambira pa magalimoto. Kumeneko kuli amisiri amene atenga galimoto yakalekale, naikamo injini yamphamvu, koma kunja kwace osapaka utoto. Okonda njinga anatengera nzeru yomweyo.

Mafelemu amene akondedwa kwambiri ndiwo a Schwinn, kampani imene Ignaz Schwinn ndi mnzace Adolph Arnold anaiyamba m'mudzi wa Chicago mu 1895. Mu 1933 inaturutsa njinga za matayala onenepa, zolemera ndithu koma zosathyoka msanga. M'zaka za 1970 anyamata a ku Marin County, ku California, anatola njinga zoterezi kumene zinatayidwa, nayamba kutsika nazo mapiri. Mu 1976 anayambitsa mpikisano wochedwa Repack. Mabuleki a m'kati mwa habu anali kutentha kotero kuti girizi yense anapsa, ndipo pofika m'munsi anayenera kuikamo wina; ndilo tanthauzo la dzinalo. Mmodzi wa iwo, Joe Breeze, anapanga felemu yace yatsopano mu 1977, ndipo mwa anyamata amenewa munacokera njinga za m'mapiri zimene muziona lero.

Nanga mamangidwe ace ngotani? Mmisiri ayamba wapasula njinga yonse, nayang'ana felemu bwino lomwe, pakuti dzimbiri liri pawiri. Liripo la pamwamba, longofiiritsa citsulo. Limeneli alipukuta pang'ono, napakapo mafuta kapena vanishi kuti lisapitirire, ndipo ndilo ulemerero wa njingayo. Liriponso lodya citsulo m'kati, makamaka pansi pamene pazungulira mapedulo, pomwe madzi akhalitsa. Felemu yotere, ndi ina iri yonse yong'aruka polumikizira, njotaya. Foloko yopindika nayonso sayenera kuikhulupirira.

Atatha apo atsuka mabelingi onse, naika girizi watsopano, namanga masipoko kuti limu liongoke, nagula cheni ndi matayala abwino. Pamenepo ndipo ayamba zokondweretsa maso. Wina aika mahandulo aatali oimirira, ndi cishalo cacitali conga nthoci, monga zinali pa Sting-Ray ya Schwinn ya mu 1963. Wina adula madigadi, wina amangirira nyali yakale ya pa galimoto. Palibe ziwiri zofanana, ndipo m'menemo ndimo muli kunyada kwa mwini wace.

Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Njinga iyi yautembenuza mwambiwo: kunja ioneka yakutha, koma m'kati zonse ziri zamoyo.

Pokwera, munthu akhala coongoka pa cishalo cotsika, nayenda mosafulumira. Zambiri ziri ndi giya imodzi yokha, cotero pa citunda thukuta licuruka. Poima abweza mapedulo m'mbuyo. Apa ndipo pali ngozi imene tifuna muimvetse: buleki wotere agwira mwa cheni, ndipo cheni cikagwa pa mtsetse, wokwerayo alibenso comuimitsa. Cifukwa cace amisiri anzeru aonjeza buleki wa kutsogolo. Mahandulo opitirira mapewa nawonso abvutitsa pokhota.

Kwa ife nkhaniyi siyacilendo konse. Amisiri athu okhala pansi pa mitengo m'misika akhala akulumikiza njinga imodzi ndi zitsulo za njinga zitatu kuyambira kale. Kusiyana kwace nkwakuti a ku America acita izi mwa cikondi, pamene athu acita cifukwa ca kusowa. Koma luso ndi limodzi.

Cotero, abale, njinga yakale iri kuseri kwa nyumba musainyoze. Iyang'aneni felemu, ikonzeni mabuleki, ndipo za utoto muganize pambuyo. Ndalama ya utoto iyambe yagula cheni, pakuti kwanu ali kukudikirani wamoyo.