Sitima Yolendewera ya ku Wuppertal

Mlendo amene wangofika kumene mumzinda wa Wuppertal, m'dziko la Germany, sachedwa kukweza maso kumwamba, pakuti sitima ya kumeneko siyenda pansi ngati zinzake. Imalendewera ku njanji imodzi yokha monga achitira mleme ku nthambi, magudumu ali pamwamba pa denga, apaulendo ali m'munsi.

Chinachititsa zimenezi ndi kusowa kwa malo. Matauni a Barmen ndi Elberfeld, amene anadzaphatikizidwa m'chaka cha 1929, anamangidwa m'chigwa chopapatiza cha mtsinje wa Wupper. Mafakitale a nsalu ndi nyumba za antchito zinali zitadzaza chigwacho thothotho, kotero kuti kuyala njanji ina pansi kukadafuna kugwetsa nyumba zosawerengeka. Malo amene anatsala opanda mwini anali pamwamba pa madzi. Motero akuluakulu a matauniwo anavomera nzeru za Eugen Langen, mkulu wa malonda a shuga wa ku Cologne. Iyeyu sanazione zipatso za nzeru zakezo, poti anamwalira m'chaka cha 1895, sitimayo niyamba kunyamula anthu mu 1901.

Amisiri anazika nsanamira zachitsulo m'mbali zonse ziwiri za mtsinje, napachika njanji pakati, mamita 12 kuchokera pamadzi. Njira yonse ndi makilomita 13, masiteshoni 20, ndipo ulendo wake umatha ngati theka la ola. Pansi magalimoto angathithikane chotani, sitimayi imangodutsa osaima.

Ya njovu ndiyo nkhani imene anthu a kumeneko satopa kuisimba. M'mwezi wa July 1950, eni ake a gulu loonetsa masewera a nyama anakweza kamwana ka njovu, dzina lake Tuffi, m'sitimamo pofuna kukopa anthu. Kanjovuko kanachita mantha ndi kugwedezeka kwa sitima, kanaboola khoma nkugwera mumtsinje, koma kanapulumuka ndi timabala tochepa chabe.

Ngozi ya pa 12 April 1999 inalibe choseketsa. Amisiri amene anakonza njanji usiku anaiwala chitsulo chopanira chili chomangirira pa njanjipo. Sitima yoyamba ya m'mamawa inachigunda nigwera m'madzi, ndipo anthu 5 anafa, 47 navulala.

Nanga bwanji sitima za njanji imodzi sizinafale monga ambiri ankalosera? Vuto lalikulu lili pa mphambano. Sitima wamba ikafuna kupatuka, amangosuntha kansonga ka njanji. Koma kwa iyi pamafunika kusuntha mtanda wonse wolemera, ntchito yochedwa ndi yodya ndalama. Ndiponso siingalumikizane ndi njanji zimene dziko lili nazo kale, ndipo ikaima m'malere kutsitsa anthu nkovuta. Mzinda wa Sydney, ku Australia, unamanga yake mu 1988, koma unaitseka mu 2013.

Dziko la Japan linaisankhira ntchito yoiyenera. M'chaka cha 1964, pokonzekera masewera a Olympics, linatsegula sitima ya njanji imodzi, yokhala pamwamba pa mtanda osati yolendewera, yochokera ku bwalo la ndege la Haneda kulowa mumzinda wa Tokyo, kumenenso malo ngosowa. Patangopita masabata awiri linatsegulanso sitima yaliwiro ya Shinkansen, yolumikiza Tokyo ndi Osaka, koma imeneyo anaiika pa njanji ziwiri.