Makutu Otchera Zotsika Kumwamba

Chombo chikamabwerera kuchokera mumlengalenga, chimang'amba mpweya pa liwiro losiya phokoso m'mbuyo. Kachombo ka OSIRIS-REx, komwe NASA inatsitsira m'chipululu cha Utah pa 24 Sepitembala 2023, kanalowa mumpweya kakuthamanga makilomita pafupifupi 12 pa sekondi. Mpweya unaphulika ngati bingu, ndipo mgugu wake utafika pansi unagwedeza dothi. Akatswiri omwe anatchera zipangizo ku Nevada, m'njira yake, anaugwira.

Zipangizozi zilipo za mitundu iwiri. China chimamva kunjenjemera kwa nthaka, monga zomwe a Geological Survey ku Zomba amayezera zivomezi. Chinzake chimamva kulira kwa pansipansi, kosafika 20 Hz, komwe khutu la munthu siligwira koma kumayenda makilomita mazanamazana. Kale zimenezi zinali za maboma ndi mabungwe akuluakulu okha. Lero kampani ya Raspberry Shake ku Panama imapanga kabokosi konyamula m'manja, kokhala ndi makutu onse awiri, komwe sukulu ingakwanitse kugula.

Chinsinsi chake ndi nthawi. Phokoso limatha masekondi atatu kuyenda kilomita imodzi, choncho chophulikira makilomita 60 m'mwamba chimamveka pansi patatha mphindi zitatu kapena kuposerapo. Tiyerekeze kuti bokosi lina lili ku Mitundu, lina ku Nathenje, lachitatu m'nkhalango ya Dzalanyama. Mgugu sungafike konseko pakamodzi, ndipo kusiyana kwa masekondiwo kumaloza mbali yomwe chinthucho chadzera.

Mdani wamkulu ndi chisokosoko. Mathiraki a pa M1 ku Nathenje ndi zigayo za pa Mitundu zingadzaze kompyuta ndi mizere yabodza. Mphepo ndiyo imaposa zonse, n'chifukwa chake akatswiri amakonda kuika zipangizo zotere pansi pa mitengo yothithikana. Mitengo ya mombo ndi masuku ya Dzalanyama ingatchinge bwino, pokhapo pomwe owotcha makala sanapululepo.

Nkhaniyi si yakutali ayi. Pa 2 Juni 2018, mwala wochokera mumlengalenga wotchedwa 2018 LA unaphulikira m'mwamba ku Botswana, ndipo siteshoni ya ku South Africa inamva kulira kwake. Pa 30 Disembala 2024, chimkombero chachitsulo cholemera makilogalamu pafupifupi 500 chinagwa kuchokera kumwamba n'kugwera m'mudzi wa Mukuku ku Kenya, anthu n'kukhamukirako kukachiona. Kuno kwathu, bokosi lomvera migugu yotere lingafune simenti yokhazikapo, sola ndi batire, intaneti, komanso mphunzitsi woliyang'anira.