Si Kachikumbu Kalikonse Kamene Kamaononga Fodya

Alimi ambiri kuno ku Kasungu akangoona tizikumbu tamawangamawanga pa fodya amathamangira mankhwala. Kumeneku nkutaya ndalama, ndiponso nkupha antchito amene sitiwalipira.

Mu Januwale ndi Febuluwale yenderani munda wanu m'mawa, mukutembenuza masamba. Mukaona kachikumbu kaphwatalala, ka miyendo yaitali, khosi lowonda ndi msana wonyezimira, kamene kamathawa ndi liwiro mukagwedeza tsamba, kasiyeni. Kameneko kamadya timbozi ndi mazira a tizilombo. Kena nkozungulira ngati theka la nandolo, kosalala, kakuda ndi madontho ofiira kapena achikasu. Aka kamadya nsabwe, zija zimene zimafalitsa matenda a Bushy Top. Ana ake ngosaoneka bwino, akuda ndi otalikirapo, koma pakudya nsabwe ndiwo akatswiri.

Chenjerani ndi kakang'ono kamene kamadumpha ngati utitiri. Kameneko kamaboola tsamba, ndipo tsamba lobooka limatsika giredi ku okushoni.

Mukakayika, katsekereni m'bokosi la machesi, mukawaonetse alangizi musanagule mankhwala.