Kusankha Zilembo Zonga Zolemba Pamanja

Nyengo ya maukwati ikafika, achinyamata ambiri amapita kwa osindikiza kukakonzetsa makhadi oitanira anthu, ndipo pafupifupi onse amafuna kuti maina awo alembedwe ndi zilembo zopendekeka ndi zolumikizana, zonga zolemba pamanja. Zilembo zotere n'zokongoladi. Komabe alipo makhadi amene oitanidwa amalephera kuwerengapo tsiku ndi malo a mwambo, ndalama zitapita kale.

Zambiri mwa zilembozi zinachokera kwa aphunzitsi a kalembedwe a ku England. Mmodzi wa iwo, Charles Snell, ankaphunzitsa ku London kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, ndipo ankadzudzula anzake amene ankachulutsa michira ndi mapindikiro pongofuna kuonetsa luso. Kutsanzira kalembedwe kotere pa makina kunali kovuta, pakuti chilembo chilichonse chinkakhala pa kachitsulo kakekake, ndipo timichira tolumikizira tinkathyoka. Itabwera njira yokonzera zilembo pa filimu, vutoli linachepa, motero m'chaka cha 1966 Matthew Carter anakonza zilembo za Snell Roundhand potsatira kalembedwe ka mphunzitsi uja. Ife timazikonda chifukwa n'zaulemu koma zosadzionetsera.

Ziliponso zina. Mistral, zimene Roger Excoffon wa ku France anakonza mu 1953 potengera kalembedwe kake komwe, zimaoneka zolembedwa mothamanga, ndipo zimayenera pa chikwangwani cha sitolo koposa pa khadi la ukwati. Zapfino za Hermann Zapf, za mu 1998, zili ndi michira yaitali kwambiri, yoti mizere ikayandikana imakolana.

Zilizonse zimene tingasankhe, zikhale za mawu ochepa ndi okula bwino: maina a akwati, kapena mutu wa mwambo. Tsiku, nthawi ndi malo zilembedwe ndi zilembo wamba. Tisalole konse kuti dzina lonse lilembedwe ndi zilembo zazikulu zokhazokha, chifukwa chilembo chachikulu chinapangidwa kuti chitsogolere tating'ono. Zikandandalikidwa zokhazokha zimangooneka ngati ulusi wosokonezeka. Nawo mtundu wa golide pa pepala loyera umameza timizere topyapyala.

Chimene ambiri timaiwala n'chakuti zitsanzo zimene wosindikiza amationetsa zimakhala za mawu a Chingerezi. Mawu athu ali ndi m, n, u ndi w wambiri, ndipo mawu ngati "mwamuna" kapena "kumunda" akalumikizidwa amasanduka timafunde tofanana. Kachizindikiro ka mu "ng'" nako kamadula mlumikizo pakati pa dzina, ndipo zilembo zina zilibe ŵ, mwakuti kompyuta imabwereka chilembo cha mtundu wina n'kuchiika pakati ngati chigamba.

Motero tipemphe wosindikiza ayambe watulutsa khadi limodzi lokha, la kukula kwake kwenikweni, lokhala ndi maina athu enieni. Tikalipereke kwa agogo aliwerenge mokweza. Pamene adodomepo, pakonzedwe makhadi enawo asanasindikizidwe.