Kusankha Pulogalamu Yolembera Ndalama za Gulu

Amayi, ngati gulu lanu likufuna kuyamba kulemba ndalama za banki m'khonde pa foni kapena pa kompyuta, musathamangire pulogalamu chifukwa choti wina waitama. Mukasankha molakwika, zolemba za ngongole zitha kusowa, mikangano n'kubuka.

Choyamba gwirizanani zimene mukufuna, ndipo chilichonse muchipatse nambala yosonyeza kufunika kwake. Mwachitsanzo, kusataya zolemba foni ikabedwa 5, kugwira ntchito popanda intaneti 4, kusavuta kwa mlembi 3, mtengo 2.

Kenako yerekezani mapulogalamu awiri kapena atatu. LibreOffice Calc ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti, koma imafuna kompyuta. Google Sheets imagwira pa foni ndipo imasunga zolemba pa intaneti, koma imadya bandulo.

Pa mfundo iliyonse, ipatseni pulogalamuyo malikisi 1 mpaka 5, muchulukitse ndi nambala ija. Malikisi 4 pa mfundo ya 5 apereka 20. Mukatero wonkhetsani zonse.

Yomwe yapambana muiyese mwezi wathunthu mukulembabe m'kope. Ziwerengero zikafanana, ndiye muidalire.