Moto kuseri kwa nyumba, utsi kwa mnansi

Kumpoto kwa chigawo cha Minnesota ku America, kufupi ndi malire a Canada, chisanu si chongovalira juzi. Pa 2 Febuluwale 1996, pafupi ndi tauni yaing'ono ya Tower, kudazizira mpaka madigiri 51 kunsi kwa ziro. Ngakhale chaka chopanda zoopsa zotere, miyezi inayi kapena isanu imatha nthaka itakwiririka ndi chipale chofewa, ndipo nyanja zimaundana mpaka anthu kumayendetsa galimoto pamwamba pake popita kukawedza. Nyumba ikangokhala masiku awiri osatenthetsedwa, madzi amaundana m'mapaipi, mapaipiwo n'kung'ambika. Kumeneko banja likamawerengera ndalama za chaka, zotenthetsera nyumba zimakhala pamzere umodzi ndi za chakudya.

Munthu woyenda m'misewu ya kumidzi ku Minnesota, Wisconsin, Michigan, kumtunda kwa New York kapena ku Ontario amaona kanyumba kachitsulo kuseri kwa nyumba zina, kotalika pang'ono kuposa munthu, kali ndi chumuni chachifupi. Pambali pake pamakhala mulu wa zikuni, ndipo kanjira kopondedwa m'chipale kamachokera pakhomo la nyumba yaikulu kukathera pamenepo. Mlendo angayese kosungiramo makasu ndi mafosholo. Koma ndi ng'anjo ya nkhuni, ndipo ndiyo ikutenthetsa nyumba yonse imene ili mamita 20 kapena 30 poteropo.

Mkati mwake muli chipinda chachitsulo choyakiramo moto, chachikulu moti m'ng'anjo zambiri chikuni chotalika mita imodzi chimalowa osachiwaza. Chipindacho chazunguliridwa ndi thanki ya madzi yolowa malita 600, zina kupitirira 1,000. Kunja kwa thanki adakutako zotchinga kutentha, n'chifukwa chake chipale chimatha kukhazikika padenga la ng'anjoyo moto uli lawilawi mkati. Madzi akatentha kufika madigiri pafupifupi 80, pampu yamagetsi imawakankha m'mapaipi awiri apulasitiki okwiriridwa pansi. Paipi imodzi imapita ndi madzi otentha kunyumba, inayo imabwera ndi ozizira kuti adzatenthenso. M'nyumbamo madziwo amadutsa m'timapaipi tating'onoting'ono, fani n'kumauzira mpweya wofunda m'zipinda. Ena amayala mapaipi pansi pa simenti kuti kufunda kuzichokera kumapazi. Ng'anjo yomweyo imatenthetsa madzi osamba, ndipo mlimi akafuna amakokera mapaipi ena ku galaja, ku khola la ng'ombe zamkaka kapena ku nyumba ya makolo ake. Amene adasonkhezapo moto pa balani ya fodya ku Kasungu ayimva msanga nzeruyi: moto uli kunja, cholowa mkati n'kutentha kokha.

Makampani angapo opanga ng'anjozi ali kumpoto kwenikweni kwa Minnesota. Central Boiler idayamba mu 1984 m'tauni ya Greenbush, ndipo Heatmor ili ku Warroad, m'mbali mwa nyanja ya Lake of the Woods. Ng'anjozi zidabadwira kumene zimafunika.

Chimene chimakopa anthu n'chodziwikiratu. M'mizinda gasi amabwera m'mapaipi pamtengo wofikirika, koma kumidzi nyumba zambiri zimadalira gasi wa propane wobwera ndi lole, mafuta kapena magetsi, ndipo mitengo yake siidziwika mawa. Dzinja la 2013 kulowa 2014 anthu sadaliiwale. Chimanga cha chaka chimenecho chidakololedwa chili ndi chinyontho, alimi adatha gasi wambiri pochiumitsa, kenaka kudagwa chisanu choopsa matanki ali kale pansi. Pofika kumapeto kwa Januwale 2014 mtengo udali utakwera pafupifupi kuwirikiza kawiri, m'madera ena kupitirira madola 5 pa galoni, ogulitsa akugawira makasitomala pang'onopang'ono. Abwanamkubwa a Minnesota ndi Wisconsin, Mark Dayton ndi Scott Walker, adalengeza kuti zigawo zawo zili pangozi. Mwezi umenewo, munthu wokhala ndi nkhalango yake ndi ng'anjo kuseri kwa nyumba ankagona tulo.

Palinso zina. Mbaula ya nkhuni ya m'nyumba imabwera ndi phulusa, makungwa, tizilombo tobisala m'nkhuni, ndi mantha akuti tsiku lina mwaye wa m'chumuni udzagwira moto usiku ana ali mtulo. Ng'anjo ya panja imachotsa zonsezi m'nyumba. Imadzazidwa kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, basi.

Koma kutentha kumeneku si kwaulere. Ng'anjo yatsopano, pamodzi ndi mapaipi ndi kukumba ngalande, imapitirira madola 10,000. Nkhuni kumeneko amaziyeza m'milu yotchedwa cord, ndipo mulu umodzi woyalidwa bwino ndi wotalika mamita 2.4, mamita 1.2 m'lifupi ndi 1.2 kupita m'mwamba. Ng'anjo ya mtundu wakale ikhoza kudya milu 10 kapena kuposerapo dzinja limodzi. Yonseyo wina agwetse mitengo ndi macheka a injini, adule, anyamule, aunjike. Banja silingachoke pakhomo sabata yathunthu m'Januwale osasiya wosonkheza moto, chifukwa ukazima madzi a m'thanki akhoza kuundana. Magetsi akathima pampu imaima, ndiye kuti moto ulipo koma nyumba ikuzizira. Eni ake ambiri amazidziwa zonsezi ndipo sadandaula. Ntchito ya nkhuni ndi gawo la moyo umene adausankha, ndipo n'ngoyenera ulemu. M'madera ena nkhuni zachita kuchuluka chifukwa cha kachilombo koboola mitengo ya ash, kamene kadapezeka koyamba pafupi ndi Detroit mu 2002 ndipo kapha mitengo mamiliyoni ambirimbiri. Mtengo wouma uli chiimire ndi bwino utenthetse nyumba kusiyana n'kuti ugwere pa waya wa magetsi.

Vuto lenileni lili pa utsi, ndipo limachokera m'kapangidwe ka ng'anjo yakaleyo.

Pa thanki pali kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi. Madzi akafika pamuyezo, kamatseka kachitseko kolowera mpweya. Moto suzima, komanso suyaka. Zikuni zimangonyeka pang'onopang'ono, mwina ola lathunthu kapena kuposa, zikutulutsa nthunzi yakuda yomata ngati phula m'makoma a chipindacho. Makomawo sangatenthe kwambiri chifukwa kuseri kwake kuli madzi, choncho utsi umene ukadapsa umangozizira. Madzi akayamba kuzizira, kachitseko kamatseguka, fani imauzira, ndipo zonse zimene zimadzikundikira mkati zimatuluka nthawi imodzi. Utsi wake ndi wochindikala, wotuwa, wonunkha moluma m'mphuno. Chumuni cha ng'anjo zambiri chimathera mamita atatu okha kuchokera pansi, pamzere wa mawindo a nyumba yoyandikana nayo. Usiku wozizira wopanda mphepo, makamaka m'zigwa, utsiwo sukwera. Umayenda chokwawa pamwamba pa chipale, kudutsa mpanda, kukalowa m'ming'alu ya zitseko za munthu amene sadagule ng'anjo.

Nkhuni zikakhala zaziwisi zinthu zimaipiraipira. Mtengo wongogwetsedwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo moto umayamba wawiritsa madziwo usanatenthetse china chilichonse. Chitseko chachikulu cha ng'anjoyo chimanyenga. Poti chikuni chosawaza chikulowa, ena amaponyamo mtengo umene adula dzulo. Ena amaponyamo zinyalala, mapulasitiki, matabwa opaka utoto ndi mankhwala, ngakhale malamulo ndi opanga ng'anjozo amaletsa. Ndiye pali amene amaiyatsa chaka chonse pofuna madzi osamba, nthawi yotentha anansi atatsegula mawindo.

Utsi wa nkhuni uli ndi tinthu ting'onoting'ono kwambiri timene akatswiri amatitcha PM2.5, tolowa mpaka pansi penipeni pa mapapo. Timadzutsa mphumu, timavutitsa odwala mtima, ndipo ana ndi okalamba ndiwo amayamba kugonja. Mwini ng'anjo amaupuma mphindi zochepa akamasonkheza moto, kenaka n'kukalowa m'nyumba yofunda. Amene nyumba yake ili kolowera mphepo amaupuma usiku wonse.

Boma lidachedwa kudzuka. Lamulo la 1988 la bungwe loteteza chilengedwe la EPA lidaika malire a utsi pa mbaula za m'nyumba, koma ng'anjo za panja silidazikhudze, ndipo zidagulitsidwa zaka zoposa 20 popanda muyezo wa dziko lonse wozimanga. Chigawo cha Vermont ndicho chidatsogola: kuyambira mu 1997 chidalamula kuti ng'anjo yatsopano izikhala mamita pafupifupi 60 kuchokera pa nyumba ya mnansi. Mu 2005 ofesi ya mkulu wa zamalamulo ku New York idatulutsa lipoti lochenjeza za utsi wa ng'anjozi. Chaka chotsatira, bungwe la NESCAUM, limene limagwirizanitsa maofesi oyang'anira mpweya m'zigawo 8 za kumpoto chakum'mawa, lidati ng'anjo zoposa 155,000 zidali zitagulitsidwa kuchokera mu 1990, ndipo imodzi yokha ikhoza kutulutsa tinthu tija mofanana ndi mbaula 22 zovomerezeka za m'nyumba. Makhonsolo a matauni ambiri sadadikire likulu. Ena adaziletseratu, ena adaika malire a mtunda ndi miyezi yoyatsira. Ku New York, kuyambira mu 2011, ng'anjo yatsopano iyenera kukhala mamita 30 kuchokera m'malire a malo, ndipo chumuni chake chisachepere mamita 5.5.

Misonkhano ya makhonsolo yokambirana nkhaniyi sikhala yophweka. Mbali imodzi kuli banja limene lidaika ndalama zonse zimene lidasunga pa ng'anjo imene panthawiyo idali yololedwa, ndipo likuti m'dera lino anthu akhala akuotha nkhuni kuyambira kale. Mbali inayo kuli banja limene mwana wake akutsokomola usiku uliwonse, nyumba yawo sangaigulitse chifukwa wogula akangoona utsi amabwerera pa geti. Onsewo akunena zoona. Koma kulemera kwa madandaulo awiriwa sikofanana. Woyamba akuteteza thumba lake, wachiwiri akuteteza chifuwa cha mwana, ndipo wachiwiriyo palibe adamufunsa pamene ng'anjo inkaikidwa.

Mu 2015 EPA idaika malire a utsi pa ng'anjo zonse zatsopano za mtundu uwu, ndipo pa 15 Meyi 2020 malirewo adatsitsidwanso ndi kupitirira theka. Opanga adakakamizika kusintha kapangidwe. Ng'anjo za masiku ano zili ndi zipinda ziwiri. M'chapamwamba nkhuni zimatentha n'kutulutsa utsi, fani n'kuukankhira pansi kudutsa m'makala ofiira mpaka m'chipinda chachiwiri chomangidwa ndi njerwa zosamva moto. M'menemo utsi umasakanikirana ndi mpweya wina n'kuyaka pa madigiri ofika 1,000. Ukasuzumira pa kachitseko kapansi umaona lawi lolunjika pansi, likulira ngati chimphepo. Chimene kale chinkatsamwitsa mnansi tsopano chikutenthetsa madzi, ndipo ng'anjo yotere ikayaka bwino pachumuni pamangooneka nthunzi yoyera yotha msanga. Nkhuni zimalowanso zochepa kwambiri poyerekeza ndi kale.

Koma ng'anjo yatsopanoyi siinamizika. Imafuna nkhuni zowaza, zouma, zokhala ndi chinyontho chosapitirira 20 pa 100 alionse. Mitengo yambiri imafuna chaka chathunthu itawazidwa ndi kuunjikidwa pansi pa denga, ndipo mtengo wolimba wa oak umafuna zaka ziwiri. Anthu osamala amagula kachipangizo ka m'manja ka mano awiri, amawaza chikuni pakati, n'kubaya pamene pang'ambika kumene kuti awerenge chinyontho. Amachotsa phulusa sabata ndi sabata, amapala timapaipi todutsa utsi. Amene aponyamo zaziwisi amapeza lawi lapansi lazima, mwaye wamata paliponse, ndipo ng'anjo ya madola zikwizikwi ikufuka ngati yakale. Choncho munthu wogula ng'anjoyi chaka chino amayenera kukhala atadula nkhuni zake chaka chatha.

Nkhani ya miyezo siinathe. Mu 2023 ofesi yofufuza ntchito za EPA idapeza kuti ndondomeko yoyesera ndi kuvomereza zipangizo zotenthetsera nyumba ndi nkhuni ili ndi zofooka zazikulu, ndipo chaka chomwecho zigawo 10, kuphatikizapo Minnesota, New York ndi Vermont, zidakasumira bungweli kukhothi kuti liunikenso malamulo ake. Moto woyaka m'chipinda choyesera, ndi nkhuni zosankhidwa bwino, si moto woyaka kuseri kwa nyumba m'Febuluwale.

Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti lamulo la 2015 limagwira ng'anjo zatsopano zokha. Zakale zidakalipo, zachitsulo chochindikala chotha zaka 20 kapena kuposa, ndipo zimagulitsidwa kuchoka pa famu ina kupita pa ina. Eni ake ambiri si anthu olemera, ndipo kungowalamula kuti azitaye n'kuwabwezera kwa wogulitsa gasi. Vermont idayesa njira ina: idapereka thandizo la ndalama kwa mabanja kuti achotse ng'anjo zakale n'kuika zotulutsa utsi wochepa. Njira imeneyi imateteza banja losauka ndi mnansi wake nthawi imodzi, ndipo zigawo zina zimene zili ndi ng'anjo zakale zambiri ziyenera kuitsatira.