Tchuthi cha ku Chilumba Chakwera Mtengo

Ambiri a ife timalakalaka kukacheza ku chilumba cha Likoma kapena Mumbo pa tchuthi. Vuto ndi lakuti malo otchuka ogona alendo kumeneko amatchula mitengo yawo m'madola. Choncho pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makolo athu anayenera kulipira ndalama zambiri, chonsecho bedi ndi nsomba ndi zomwe zija.

Wofunitsitsa Likoma akwere Ilala ku Monkey Bay, kalasi yotsika, atanyamula kamba wake, akaone tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Koma tisaiwale Mua, mishoni yathu ya 1902. Ku Chamare Museum kuli zigoba za Gulewamkulu mazanamazana. Alendo akunja amalipira ndege kudzaziona, pamene wa ku Mtakataka angofika pa njinga.